Mbande Zitatu za Malemu Aníbal

Zaka makumi atatu ndi chimodzi a Heber Bentancor anagwira ntchito yoyendera matikiti m'mabasi a mu Montevideo, ndipo ankakonda kunena kuti m'zaka zonsezo palibe munthu anawaopsapo. Zidakwa, opisa m'matumba, ochemerera mpira timu yawo itagonja, onse ankatulutsa tikiti akangowaona. Koma Lolemba lina m'mwezi wozizira wa Juni, atapuma kale pantchito, bambo yemweyu anaima kutsogolo kwa kabati ya zovala ali ndi mantha, chifukwa cha timbande titatu ta chamba tosaposa chala kutalika.

Mbewuzo zinali za malemu Aníbal, mlongo wawo wa akazi awo, a Mirtha. A Mirtha anali ndi nyamakazi yopinda zala. Mwa zonse zimene anayesapo, mafuta amene Aníbal ankayenga kuchokera ku chamba chake ndi okhawo ankawalola kugona tulo ndi kudzimangira okha mabatani. Chogula ku famase chinkangowazunguza mutu. Aníbal pomwalira anasiya botolo limodzi, lomwe tsopano linali litafika pakati, ndi njere zinayi m'bokosi la machesi. Zitatu zinamera. Kwina kopeza mtundu umenewo kunalibe.

A Bentancor anakalembetsa zolima chambacho ku positi ofesi monga lamulo la dzikolo linenera, atavala tayi, ndipo anakhumudwa pang'ono kuti kalaliki sanawafunse funso lovuta ngakhale limodzi. Anatulutsa majekete m'kabati, n'kupachikamo nyale ndi kafani. Lolemba limenelo ndi lomwe anayenera kuokera mbande, kuzichotsa m'tizikapu ta yogati kupita m'miphika.

Kabuku kamene anagula kankati upanire tsinde pakati pa zala ziwiri, utembenuze kapu. Kulemba n'kosavuta. Atatembenuza, dothi linatuluka ndi mizu yoyera ngati ulusi wosokera, ndipo a Bentancor anasiya kupuma mpaka mbande itakhala m'dzenje lake. Yachitatu dothi lake linanyenyeka m'manja. Anaipepesa mokweza, kenako n'kucheuka kuona ngati wina wamva.

Zikanathera pomwepo. Koma m'mawa uliwonse a Bentancor ankakhala pa kampando kutsogolo kwa kabati, fulasiki kukhwapa, m'manja muli chikho cha mate, tiyi wa masamba amene anthu amakonda kumwa kumeneko, akuyang'anira mbandezo monga ankayang'anira okwera basi. Ndipo munthu woleredwa bwino samwa mate payekha anzake akuonerera. Anakumbukanso kuti bambo awo, kwawo ku Tacuarembó, ankataya masamba a mate otha ntchito patsinde pa tomato, ndipo tomatoyo ankabereka ngati zibakera. Choncho akamaliza kumwa ankakhuthulira masambawo m'miphika, ali onyowa ndi ofunda, n'kuthiriranso timadzi kuti alowe bwino. M'mawa, masana, madzulo. Kabuku kankaletsa kuthirira kawirikawiri, koma wolemba kabukuyo sanaonepo tomato wa ku Tacuarembó.

Tsiku lachisanu anapeza chuku choyera pamwamba pa dothi, ndi tintchentche takuda tikuuluka. Mbande imodzi inali itagona. Pansi penipeni tsinde lake linali litawonda, labulauni, ngati wina walitsina ndi zikhadabo. Anaichirikiza ndi kamtengo ka machesi. Pofika masana inali itafota.

Anaganizira nkhaniyo mozama, monga munthu wozolowera kufufuza, ndipo anapeza kuti mbandeyo inafa ndi njala. Zotsalazo anaziwonjezera masamba.

Yachiwiri inagwa patapita masiku awiri. Anaizula n'kuibisa m'thumba la jekete lawo lakale la kuntchito. Pa chakudya a Mirtha anafunsa kuti ana a Aníbal akupeza bwanji, iwo n'kuyankha kuti akukula. Pashelefu panali botolo lija, ndipo maso a mwamunayo ankangobwererako. Madzulo ake anamva akazi awo kuchipinda akulimbana ndi batani la juzi, akupumira m'mwamba, osaitana munthu. Anawerenga mumtima: botolo lifika mwina Okutobala. Kupitirira apo kunali kambande kamodzi kamene kanali katayamba kuweramitsa masamba.

M'mawa mwake anagogoda kwa a Elbia, mayi wa nyumba yoyandikana nawo, amene ankagulitsa maluwa pageti la manda. Zaka zambiri a Bentancor ankawapatsa moni wa mutu wokha. Tsiku limenelo anavula chipewa.

A Elbia analowa osavula epuloni. Ananyamula mphika, n'kuuyeza kulemera m'manja, kenako anaununkhiza.

"A inspekitala, mbewu imeneyi mumaithirira kapena mumaiphikira phala?"

A Bentancor anafotokoza za bambo awo ndi tomato, mwatsatanetsatane. A Elbia anawalola amalize. Kenako anati tomato ameneyo anali panja, padzuwa ndi pamphepo, ndipo anali wamkulu kale. Apa khanda la masabata atatu lamizidwa m'thope lofunda, m'kabati, mwezi wa Juni. Mizu imafunanso mpweya, ngati okwera basi. Anapempha supuni, anapala masamba onse ndi chuku, n'kuthirapo dothi louma. Anagwira tsinde ndi nsonga ya chala: linali lisanawole, koma linali pafupi. Lamulo lawo linali limodzi. Osathirira, osakhudza, mpaka mphika upepuke.

"Ichira?" anafunsa a Bentancor, mawu atachepa.

"Ine ndimagulitsa pageti la manda, bambo. Za ochira funsani ena."

A Bentancor atatembenuka anapeza a Mirtha ataima pakhomo la chipinda. Anali atamva zonse. Anayang'ana miphika iwiri yopanda kanthu kwa nthawi yaitali. A Bentancor anadikira kukalipiridwa, ndipo akanakondwa kukalipiridwa, koma a Mirtha anangodutsa, anatseka kabati, n'kuyamba kuzungulitsa kiyi ndi zala zawo zopindikazo. Zinatenga nthawi. Mwamunayo anatambasula dzanja kuti athandize.

"Manja anuwo aikeni m'thumba, madala inu. Athandiza mokwanira."

Kiyiyo anaimangirira pa chingwe n'kuivala m'khosi.

Masiku anayi a Bentancor anakhala pa kampando kaja, akumwa mate kutsogolo kwa chitseko chotseka. Kuwala kwa nyale kunkatulukira m'mphepete, kafani kankalira. Ankaika khutu pa thabwa, ngakhale ankadziwa kuti mbande ikamagwa sipanga phokoso. Anasuzumira pa kabowo ka kiyi, anangoona mphepete mwa mphika. Ankaiona m'maganizo ikuuma ndi ludzu, ikuwaitana, iwo ali pompo ndi fulasiki yodzaza. Kawiri konse anapempha kiyi, ponena kuti akufuna kuona ngati waya wa nyale ali bwino. A Mirtha anati wayayo ali bwino.

Tsiku lachisanu a Mirtha anatsegula okha. A Bentancor anaima kumbuyo kwawo, akuyang'ana kudenga.

Mbande inali chiimire. Inali yopendekeka, masamba ake apansi achikasu, koma pamwamba panali timasamba tiwiri tatsopano, kalikonse ndi tizala take tisanu. A Mirtha anawauza anyamule mphika. Unali wopepuka. Anawalola kuthira madzi theka la kapu, m'mphepete, iwo akuonerera.

A Bentancor anakonza kukhosi, nati kunena zoona iwo anali ataganiza kale zochepetsa madzi a Elbia asanabwere. A Mirtha sanatsutse. Anangowakumbutsa zimene a Elbia ananena potuluka, kuti padutsa masabata angapo asanadziwe ngati mbewuyo ndi yaikazi, ndipo yaimuna ilibe mafuta. Kenako anatsekanso kabati, anawalanda chikho cha mate m'manja, n'kupita nacho okha kukakhuthula kubini.