Woyambitsa Wopanda Ovomera

Zaka zinayi zonse zimene Vitumbiko Kabaghe anakhala ku yunivesite, anthu a kwawo ku Misuku sanamvetse chimene ankaphunzira. Akanena kuti akuphunzira kufalitsa uthenga kudzera m'zithunzi ndi m'nyimbo, ena ankangovomera mwaulemu, ena n'kumufunsa ngati akamaliza azidzajambula maukwati. Mtsikanayo anatopa nako kufotokoza. Itafika nthawi ya ntchito yomaliza, imene aphunzitsi amaonera ngati munthu akuyenera digiri kapena ayi, anangoti basi, akajambulira kwawo komweko kuti adzionere okha.

Nkhani yoti ajambule sinasowe. Tcheyamani wa gulu la alimi a khofi, a Cornelius Simwaka, anali atalankhula mpaka kusasa mawu kuti anthu azithyola khofi wofiira yekha, koma m'ndowa munkapezekabe wobiriwira ndipo khofi wa gulu lonse ankatsika giredi. Vitumbiko anawalonjeza kanema wa mphindi zisanu. Sukulu inali ndi lamulo limodzi lokhwima: aliyense womveka m'kanemayo asaine pepala lovomereza, apo ayi kanemayo salandiridwa, ndipo mwini wake adikira chaka china.

Za nyimbo sanade nazo nkhawa. Mlongo wa bambo ake, a Elizabeth Nakabaghe, amene iye ankawatchula kuti ankhazi, ndiwo ankayambitsa nyimbo amayi akamathyola khofi, ndipo mawu awo ankawoloka chigwa n'kukamveka tsidya lina. Vitumbiko anawamangirira kamaikolofoni pa kolala ya juzi, n'kukhala masabata awiri akukwera ndi kutsika mitunda m'chisanu cha Julaye, kamera ili m'manja, nsapato zake za m'tauni zikuterereka mpaka amayi aja kumugwira uku akuseka.

Atakhala pa laputopu kuti alumikize zonse, anamva kuti mawu a ankhazi akewo analowa bwino kwabasi. Koma mawu a amayi ovomera ankachokera kutali, osakanikirana ndi mphepo, kugunda kwa ndowa ndi chifuwa cha wina. Panalinso mmodzi amene nthawi zonse ankalowa mochedwa. Vitumbiko anali wophunzira wabwino, ndipo ankadziwa kuti chilichonse chosokoneza uthenga chiyenera kuchoka. Anadula kuvomera konse. Pamalo pake anasiya kabata kakafupi, masamba akuwayula, khofi wofiira akugwera m'ndowa. Anatumizira mnzake wa m'kalasi, Tadala, ndipo Tadala anayankha kuti wagwetsa misozi. Vitumbiko anayenda tsiku lonselo mapewa ali m'mwamba.

Lachitatu masana anakaonetsa kanemayo m'tchalitchi, mawindo atawatseka ndi matumba, pulojekita atabwereka ku sekondale. Lachisanu ndilo linali tsiku lotumiza kanemayo kusukulu. Anthu anadzaza mpaka pakhomo, ndipo atadziona pakhoma panali mluzu ndi nthungululu. A Simwaka ataona nkhope yawo anakonza tayi ngati kuti akujambulidwa kumene.

Kenaka nyimbo inayamba. Mawu a a Nakabaghe anadzaza tchalitchi chonse, anafika pamene nyimbo imaponyedwa kwa ovomera, ndipo panali zii. Anayambanso, panali zii. Kuseka kuja kunazima. Amayi anayamba kuyang'ana pansi, wina anagwira pakamwa. Kachitatu kasanakwane, a Nakabaghe anaimirira, anamanga chitenje, n'kutuluka osayang'ana munthu.

Vitumbiko anawapeza kunyumba akutembenuza khofi pa thandala loyanikira. Anagwada chapatali.

"Ankhazi, ndalakwa chiyani?"

Iwo anapitiriza ntchito yawo kanthawi ndithu. "Kusukulu kwanuko, munthu akaimba yekha mumati ndi ndani?"

"Timati ndi katswiri, ankhazi."

"Yewo. Kuno timati amukana." Anapukuta manja pa chitenje. "Iwe unapita kusukulu ku Lufita uli wamng'ono, sunathyolepo nafe. Ife mnzathu akatilakwira, kaya ndi miseche kaya ndi dzanja lalitali, sititukwana naye ayi. Timamusiya ayambitse nyimbo, ife n'kumathyola chete. Basi, mlandu watha pamenepo, mudzi wonse wadziwa. Ine zaka makumi atatu ndikuyambitsa, sanandisiyepo ndi tsiku limodzi lomwe. Lero mwana wa mchimwene wanga wandisiyitsa pakhoma la tchalitchi, n'kukwezanso sipika."

"Sindinadziwe, ankhazi. Ndimangofuna mawu anu amveke bwino."

"Amveka. Ndipo ukufuna upite nazo ku tauni, akaone kuti ku Misuku kuli mayi amene anzake anamukana. Pepala lakolo ine sindisaina, ndipo kachinthu kako kaja usadzandimangirirenso."

Vitumbiko anachita manyazi amene sanawamvepo chibadwire. Zaka zinayi akuwerenga za mmene anthu amamvera uthenga, n'kudzalephera kumva anthu a pakhomo pa bambo ake! Analira, kulira kwenikweni, atabisala kuseri kwa nthochi. Atatha anatsegulanso zimene anajambula poyamba, kuti mwina angobwezeretsa kuvomera kuja. Kunali kosathandiza. Maikolofoni inali pa kolala ya munthu mmodzi, ndipo enawo ankamveka ngati wailesi ya nyumba yachitatu. Khofi wa m'munda umene anajambulamo anali atathyoledwanso yense.

Lachinayi m'mawa anavala nsapato zamphira za amayi ake n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo, m'tinjira tamatope, kwa amayi khumi ndi atatu amene anawadula mawu. Paliponse ankagwada n'kunena chimodzimodzi, kuti analakwa ndi iye, osati ankhazi ake. Ena anamulandira ndi nkhope zolimba. Wina anamusiya ali chigwadire mpaka atamaliza kusenda nthochi zake zonse. Koma Tionenji, mayi wa ku Dedza amene anakwatiwa kumeneko, yemwe uja wolowa mochedwa, anaseka mpaka kukhala pansi.

"Ndiye mawu angawa unawayesa phokoso, mwana iwe? Zaka zisanu ndi zitatu ndikulimbana nacho chiyankhulo chanuchi kuti ndizivomera nawo, iwe n'kungondifufuta ndi chala chimodzi?"

"Pepani, amama. Ndikupempha mubwere kutchalitchi masana ano. Ndikufuna mudzawayankhe ankhazi pa kanema paja."

"Eni akewo abwera?"

"Akana."

Tionenji anamuyang'ana, kuseka kutatha. "Dzulo ine kukhosi kumandiyabwa, ndimafuna kuvomera, koma ndinaopa kuti pa kanema saloleza. Pita, anzangawo ndikawatenga ndine."

Vitumbiko anathamangira ku laputopu. Ulendo uno sanachotse kanthu. Anamvetsera kuvomera kosamveka bwino kuja, n'kuyeza kutalika kwake, ndipo mpata uliwonse umene anaufupikitsa anautalikitsa kuti mukwane mawu a anthu ndi mpweya wawo womwe. Kutchalitchi anaimika maikolofoni pakati pa mabenchi. Anachotsa matumba a mawindo a mbali yoyang'ana kuchigwa, ngakhale chithunzi chinayamba kuoneka mbuu, chifukwa tsidya lake ndiko kunali nyumba ya ankhazi ake.

Anabwera amayi khumi ndi mmodzi, kenaka awiri otsalawo analowa akudandaula za mtunda. Kanema anayamba. Mawu a a Nakabaghe anakwera pakhoma, anafika poponyera paja, ndipo amayi anayang'anana, aliyense kudikira mnzake. Mpata woyamba unadutsa wopanda kanthu. Pa mpata wachiwiri Tionenji, amene moyo wake wonse ankalowa mochedwa, analowa yekha nthawi isanakwane. Amayi anaphulika kuseka, ndipo akuseka chomwecho anamutsatira onse. Pofika ndime yachitatu malata ankanjenjemera. Vitumbiko anaubwereza kanemayo kawiri, katatu, palibe amene anafuna kuleka.

Ali pakati pa ulendo wachinayi, kuwala kwa pakhomo kunatsekeka. A Nakabaghe anali ataima pamenepo, akupuma mwabefu ndi mtunda, makoko a khofi ali m'manja. Amayi anapitiriza kuvomera, tsopano atatembenukira kwa iwo. Mayiwo anamvetsera ndime yonse, maso ali jenjenje, kenaka anakweza dzanja.

"Mukukoka," anatero. "Ndakumvani ndili kwathu, mukuikoka ngati ya pamaliro. Iwe Vitumbiko, zimitsa wa pakhomayo, sakuona anthu. Ndiyambitsa ndekha."

Vitumbiko anazimitsa sipika, n'kusiya zithunzi zokha zikuyenda. Anasendeza maikolofoni kuti ikhale pakati pa onse. Ankhazi ake anaiyang'ana mokayikira, koma sanaikane. Anayambitsa, ndipo amayi khumi ndi atatu anawalandira mawu asanagwe pansi. M'kati mwake munalowa chifuwa cha wina ndi kulira kwa benchi, ndipo Vitumbiko anadziwiratu kuti sadzachotsamo kanthu.

Nyimbo itatha, a Nakabaghe anakhala pa benchi n'kupukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje.

"Bwera nalo pepala lako lija," anatero.

Vitumbiko analitulutsa m'chikwama, n'kulipereka ndi manja awiri. Iwo analitembenuza uku ndi uku, n'kuloza mzere umodzi wokha umene unali m'munsi.

"Apa pakwana munthu mmodzi. Jambula mizere ina khumi ndi itatu, asaine anzangawa. Ine ndisaina pomaliza."