Msewu Wouma wa Turgut

"Manda a mafumu tikaone mawa dzuwa lisanakwere," anatero Melike, chala chili pa mapu a Amasya amene anayala pakati pa matambula athu a tiyi. "Madzulo nyumba zakale za m'mbali mwa mtsinje. Mkuja mzikiti waukulu ndi msika. Ndikatero ndanyamuka."

"Nanga agogo ako uwaika tsiku liti?" ndinafunsa.

"Azakhali, ndinakuuzani kale pafoni. Ndabwera kudzaona mzinda wa bambo anga. Sindinabwerere anthu."

Mwamuna wanga Hilmi, amene pakamwa pake palibe chitseko, anaseka. "Wamva, Gulizar? Mafumu oti anaola kalekale apatsidwa m'mawa wonse, nkhalamba yamoyo ayi. Kuti mdzukulu akuone, uyambe wafa."

Ndinamuponda phazi kunsi kwa tebulo, koma mtima wanga unali utagwa kale.

Melike anali mwana wa mlongo wanga Turgut. Bambo athu atamwalira, Mayi ankafuna kuti Turgut asamale munda wa maapozi, iye n'kusankha ntchito ya ku Jeremani. Anakwatira komweko, anakalamba komweko, ndipo chaka chathacho anali ataikidwa komweko, osapondanso kwathu. Mayi dzina lake sankalitchula. Koma atamva kuti mwana wa Turgut akubwera anachapa makatani onse, ngakhale dokotala anawaletsa ntchito chifukwa cha mtima. Tsiku lililonse ankangondifunsa kuti, "Mlendo uja azidya kuti?" Ndinkaopa kuti afa asanaone nkhope ya mtsikanayo, choncho ulendo wonse ndinaukonza ndi cholinga chimodzi: njira iliyonse ikathere pakhomo pawo.

M'mawa mwake tinakwera masitepe opita kumanda osemedwa m'thanthwe, ine ndili wefuwefu ngati bulu wokalamba. Pamwamba Melike sanajambule kanthu. Anangoyang'ana madenga ofiira ndi mtsinje pansipo.

"Ali m'chipatala bambo ankangobwereza mawu amodzi," anatero. "Ankati, 'Ndinachoka msewu uli wouma.' Kodi chaka chimenecho kunali chilala?"

Ndinakhala pamwala. Mwana wa Turgut weniweni osadziwa zimenezi! Ndinamuuza kuti munthu akamanyamuka timathira madzi pamsewu m'mbuyo mwake, kuti ayende bwino ngati madzi, abwerenso msanga. Timathirira msilikali, mwana wa sukulu, ngakhale mlendo amene watitopetsa. Tsiku limene Turgut ankanyamuka ine ndinadzaza mbale, Mayi n'kundilanda, n'kukaiika pawindo. Turgut anacheuka mpaka pokhota.

Ndinkayesa kuti akamva zimenezi amva chisoni. Ndinalakwitsa.

"Mbale imodzi ya madzi?" anatero. "Mtsinje wonsewu uli pakhomo pawo, mbale imodzi inawakanika?"

"Mwana wanga, anali atangofedwa. Mkwiyo wa tsiku limodzi..."

"Bambo anafa nalo tsiku limenelo, azakhali."

Madzulo ndinayesabe. Poona nyumba zakale ndinamukhotetsera m'kanjira kathu kokwera kwa Mayi, ndikunamizira kuti kumtunda kuli kasupe wokongola. Anaima n'kupinda mapu. "Musandiyendetse ngati kamwana. Kasupe ameneyo pamapu palibe." Ndinachita manyazi kwambiri, ndipo tsiku lotsatira tinazungulira mzikiti ndi msika ngati anthu osadziwana.

Mayi nditawauza kuti mlendo anyamuka m'mawa, anangoti, "Ayende bwino," n'kupitiriza kusenda anyezi. Chakudya chimene anamuphikira chinali chitazizira pachitofu.

Hilmi ndiye anatitenga pagalimoto kupita kokwerera basi. Titafika pamlatho anakhotera kumanzere.

"Njira si imeneyi," anatero Melike ali kumbuyo.

"Uko akukumba mapaipi," anayankha Hilmi, maso ali gwa! "Mzinda uno amaukumba chaka chonse, mwina akufuna mafumu ena oti ukawaone."

Bodza limenelo sitinapangane. Mpaka lero sindidziwa ngati anapangana ndi Mayi, chifukwa titalowa m'kanjira kathu tinawaona ataima pakhomo, atavala mpango wawo wa paukwati, mbale ili m'manja, ndowa ili pamapazi. Anaoneka ochepa thupi kuposa dzulo lake.

"Musaime," anatero Melike.

"Sindiima, mwana wanga. Koma miyalayi imathyola galimoto, ndiyenda pang'onopang'ono."

Tinadutsa ngati maliro. Mayi anawerama n'kusuzumira pawindo, ndipo ndinaona milomo yawo ikugwedera ataona nsidze za Turgut pankhope ya mtsikanayo. Melike anangoyang'ana kutsogolo, manja atakumbatira chikwama. 

Titangopitirira ndinamva khwaa! pamiyala. Melike anadzidzimuka n'kucheuka. Mayi anawerama movutikira, dzanja lina litagwira khoma, n'kutunganso mundowa. Anayenda pang'ono kutitsatira, n'kukhuthula mbale yachiwiri ndi mphamvu zawo zonse, mpaka anadzandira.

"Akuthiriranji kawiri?" anafunsa Melike. "Ine ndili ndekha."

 Ndinayang'ana Hilmi kuti andithandize, koma naye, munthu wosasowa chonena, ankangopukuta mphuno ndi mkono.

"Ndili ndekhatu ine," anabwereza Melike, tsopano motsitsa mawu.

Sananene kuti tiime, ndipo Hilmi sanaime. Melike anangogwada pampando, chipumi atachitsamiritsa pagalasi lakumbuyo. Kanjira kathu n'kotsetsereka, ndiye madzi a mbale ziwiri zija ankayenderera pakati pa miyala, kutilondola. Kumtunda Mayi anali chiimire, mbale yopanda kanthu ili m'manja. Melike anawayang'ana mpaka pokhota paja.