Dainess ndi Kabatani ka a Morton

Dainess, mayi wothyola tiyi ku esiteti, ndiye ankaimba kiyibodi pa tchalitchi china ku Chinakanaka. Kwa chaka chathunthu anakhala akuphunzira pafoni nyimbo ya piyano ya katswiri wina wa ku Ulaya wa m'zaka za m'ma 1800, munthu amene ankapeka nyimbo ngati anabadwa ndi zala makumi awiri. Loweruka lina masana, kwaya ikupuma, anaiimba yonse. Inkathamanga ngati mvula ya matalala pamalata, dzanja lamanzere likudumpha lamanja.

A Morton, wapampando wa kwayayo, anaseka. "Mayi, ife si ana. Makiyibodi a masiku anowa amaimba okha. Mwadina kabatani kaja, zalazo mukungogwedeza."

Dainess anapsa mtima. Zala zomwe zimadzaza dengu la tiyi dzuwa lisanafike pamutu, lero zasanduka kabatani? Anatembenuza kiyibodiyo kuti aliyense aone bwino, n'kuyambiranso. Nyimbo itafika pothamanga kwambiri paja, anakweza manja onse awiri m'mwamba. M'tchalitchi munangoti zii, mpaka linamveka belu la kabaza wodutsa kumsewu. Anabwezera zala pomwe anasiyira, n'kumaliza osaphonya ngakhale pamodzi.

Kenako anadzuka, n'kupukuta mpando wa pakiyibodipo ndi chitenje chake, amayi a kwaya atagwira pakamwa.

"A Morton, khalani apa," anatero. "Kabatani kanu kaja ndi ako. Kadineni, nafenso timveko."