Zimene Telala Anamva M'khoti

"Khomo limenelo linatsekedwa, bambo," anatero loya, akukankhira kalata patebulo.

Mkuluyo sanaitenge. Anangokhala, chipewa pabondo, ali m'jekete lomwe anavala poika maliro a mkazi wake masiku asanu apitawo. Pambali pake panali mwana wake wamkazi, namwino, amene kuntchito anamulola maola awiri okha.

Malemu ndi amene analembera khoti lalikulu, kulipempha kuti liunikenso apilo ya mwana wawo wamwamuna, yemwe anali kundende chifukwa chovulaza munthu pandewu. Yankho linawapeza ali kale m'manda.

"Khoti likagamula apilo, lathana nayo," loyayo anapitiriza. "Silibwerera chifukwa choti wina sanakhutire. Ndipo pamwamba pake palibenso lina."

"Mwamva, ababa?" namwino anatero. "Tiyeni. Amayi anathera nsapato m'makhoti momwemu. Mukufuna tikuikeninso inu?"

"Amake ankati mnyamatayo atuluka chaka chino," mkuluyo anatero.

"Chigamulo cholembedwa chikuti zaka zinayi kuyambira tsiku limene anapezeka wolakwa," anayankha loya. "Zatsala ziwiri."

Mkuluyo anapisa m'jekete natulutsa buku lothimbirira. Mkazi wake anali telala, ndipo m'bukumo ndi momwe ankalemba miyezo ya makasitomala: chiuno, chifuwa, utali wa mkono. Kulikonse ankapita nalo, ngakhale kukhoti. Mkuluyo anatsegula chapakati, naloza ndi chala.

"Werengani."

Loya anavala magalasi nawerenga mokweza. "Woweruza wapakati akuti zaka zinayi, kuwerenga kuyambira tsiku lomugwira. Mkanjo wake wang'ambika paphewa. Anamusokera ndani ameneyu?"

Namwino anaphulika kuseka, kenaka anagwira pakamwa, misozi ili chuchuchu.

Loya sanaseke. Anawerenganso mzerewo chamumtima.

"Mwana wanuyo anakhala pa limandi, podikira mlandu, nthawi yaitali bwanji?"

"Zaka ziwiri, kuchotsapo mwezi umodzi."

"Tamverani bwino. Kusintha maganizo ake, khoti silingathe. Koma ngati zolembedwa zikusiyana ndi zimene oweruza ananena pakamwa, kukonza limakonza. Kalata ya malemu inapempha chinthu chachikulu, pamene chaching'onochi n'chimene chili ndi njira. Bukuli si umboni, ndiyenera kukapempha mawu amene anajambulidwa tsikulo. Sindikulonjeza kanthu."

"Sindinapemphe lonjezo," mkuluyo anatero. "Lembani."

Loya anakoka pepala. Namwino anayang'ana wotchi, kenaka anatulutsa foni nauza mnzake kuti amugwirireko ntchito mpaka masana.

Loweruka namwino anayamba kulongosola m'chipinda chosokera cha amayi ake, kuti zovala za eni zibwerere kwa eni. Chilichonse chinali ndi kapepala ka dzina, kupatula thalauza limodzi lotuwa lomwe linali pansi pa zonse. Linali losokedwa bwino, lositidwa, koma m'chiuno munali mapini okhaokha.

"Ili ndi la ndani, ababa? Sanalimalize."

"La achimwene ako."

"Nanga m'chiunomu? Saizi yawo amayi ankaidziwa pamtima."

"Ankati ndende imachepetsa munthu. Ankafuna adzamuyeze akadzafika."

Namwino anagwira pini imodzi kuti aichotse, ingawabaye. Mkuluyo anamugwira dzanja. Anatenga thalauzalo, nalipinda potsatira mzere wa simbi, n'kulikoleka kuseri kwa chitseko, mapini ali momwemo.