Nyumba ya Asewele

Medson anali ndi ngongole ya nyumba kwa amayi ake, ndipo a Nachisale sanali munthu woiwala ngongole. Analonjeza yekha ndi pakamwa pake, tsiku lomwe ankanyamuka kukayamba ntchito ku Nairobi: "Amayi, umbani njerwa. Malata ndi simenti ndi zanga." Iwo anaumba. Anagulitsa nyemba ndi mtedza pamsika wa Mitundu mpaka analipira oumba, nagula nkhuni, nawotcha uvuni. Malata osabwera. Dzinja linadza, linapita, linadzanso. Uvuni unamera udzu pamwamba, mbuzi za eni zinausandutsa chulu chosewererapo, ndipo azimayi a pachitsime anayamba kufunsa ndi ulemu wonyoza uja: "Kodi nyumba ya ku Kenya ija tidzalowa liti?"

Ndiye Medson atatumiza tikiti ya ndege kuti abwere adzathandize kulera khanda, iwo anati khanda ndikalera, koma nkhani yanga ndikupita nayo.

Ku Spring Valley, dera la mu Nairobi komwe Medson ankakhala, anapeza nyumba ya lendi yobisala m'mitengo, geti lachitsulo, ndi mlonda, amene kumeneko amati askari, wopereka sawatcha ngati kuli nduna. Kunkazizira ngati ku Dedza. M'mawa uliwonse Medson ankakwera galimoto kupita kuntchito ku Gigiri, ndipo iwo ankatsala ndi mpongozi wawo Noi ndi kamwana kaja, Melissa. Noi anali wa ku Thailand. Anakumana ndi Medson ku ofesi komweko. Kamunthu kochepa thupi, kofatsa, kopereka moni mophatikiza manja pachifuwa. Chichewa chake chinkathera pa "zikomo" ndi "mwadzuka bwanji amayi". Ndiwo ankathira tsabola wa mfiti, koma a Nachisale analibe naye chifukwa. Anamupatsanso ulemu tsiku lina kumsika, atamuona akufunsa mtengo m'Chiswahili kuti "bei gani", nkuseka mtengo wa mapeyala, nkuyamba kuchoka mpaka wogulitsa anamuthamangira. Uyu, anati mumtima, anakulira pa benchi la malonda.

Vuto linali Medson. Akangoyamba za malata, iye ankayang'ana wotchi.

"Tikambirana, amayi. Zinthu zikhale bwino kaye."

"Zikhale bwino zikudwala chiyani?"

"Moyo wa kuno ndi wodula."

Basi, watuluka.

Lamlungu lina, atatuluka m'tchalitchi, Amalawi anzake anabwera kudzaona mwana. Pakati pawo panali Deliwe, wokhala ku Kahawa mu Nairobi momwemo, amene ankagwira ntchito ku bungwe la mpingo. Mkazi wabwino, koma pakamwa popanda chitseko. Atangomaliza kudya anati, "Achimwene, nyumba ija akuti yatha. Tionetseni tepi ija, nafenso tisirire."

Medson anatsokomola. Noi, posadziwa kanthu, anadzuka mosangalala nkuika tepi mu wailesi ya kanema.

A Nachisale anayamba aona minda ya mpunga yobiriwira. Kenako nyumba. Yosanja, denga la matailosi ofiira, khonde lozungulira mbali zonse. Ansembe a ku Thailand ovala nsalu zachikasu anali atakhala pamphasa akudalitsa. Ndiye pakhomo panatulukira mayi wachikulire, wamfupi, atamanga nsalu m'chiuno, makiyi ali m'manja. Anatsegula mpope wa m'khitchini, madzi nkutuluka, iye nkuseka mano onse pamtunda. Anatsegula firiji, nkusekanso. Anakhala pampando wa khushoni nkumadumphadumpha ngati mwana.

"Amenewo ndi asewele anu," anatero Deliwe. "Amayi ake a Noi. Amagulitsa masamba pamsika, ngati inu nomwe."

Mawu amenewo ndiwo anabaya. Akanakhala dona wa nsapato zazitali, a Nachisale akanati ndi za anthu olemera, zilibe kanthu. Koma wojambula anali atatsitsa kamera pansi, ndipo iwo anaona zidendene. Zong'aluka. Zidendene za munthu woyenda ndi dengu pamutu, zofanana ndi zawo. Munthu ngati iwo, msinkhu wawo, akutsegula mpope m'nyumba, pamene iwo mvula ikagwa amasuntha mphasa kuthawa podontha.

"Nyumba imeneyi wamanga ndani?" anafunsa.

Wina anayamba kuyamikira tsitsi la mwana. Posakhalitsa alendo anakumbukira kuti maminibasi, amene kumeneko amati matatu, amavuta Lamlungu, nayamba kutsanzika mmodzimmodzi. Deliwe naye ananyamula chikwama, koma a Nachisale anamugwira pamkono.

"Inu khalani. Mwayatsa moto ndinu, muwothe nawo."

Anakhala anayi patebulo, dzuwa likupendeka. Noi anali ndi mwana pamiyendo.

"Iwe Medson, ndafunsa. Wamanga ndani?"

"Tamanga tonse, amayi. Ine ndi Noi."

"Ndalama zambiri ndi za ndani?"

"Zanga."

"Ndiye nyumba ndi yako."

Medson anapukuta magalasi ake nthawi yaitali. "Lamulo la kumeneko silola mlendo kukhala ndi malo m'dzina lake. Malo ali m'dzina la Noi."

"Koma analemba penapake kuti ndalama ndi zako."

"Ayi. Ku ofesi ya malo, mwamuna wachilendo amasayina kuti ndalamazo ndi za mkazi yekha, iye alibe gawo. Popanda kutero sagulitsa."

"Unasayina kuti ndalama zako si zako?"

"Aliyense amatero, amayi. Ndi mmene zimayendera."

A Nachisale anaseka, koma osati kuseka kwa chimwemwe. "Wawoloka nyanja zonsezo kukafuna chikamwini? Chikamwini chili pakhomo pathu pomwe, chaulere. Bambo ako anamanga pa malo anga. Anabzala mango, anakumba chitsime, anafolera khitchini. Tsiku lomwe ukwati unatha anatuluka ndi njinga ndi bulangete. Sindinawabere kanthu, mwambo ndiwo unatero. Iwe udzatuluka ndi chiyani? Kumeneko ngakhale njinga ulibe."

"Ine ndi Noi sitikusiyana."

"Nafenso sitinkasiyana. Nanga atamwalira iyeyu, Mulungu aletse, abale ake adzakudziwa? Udzayankhula nawo chinenero chanji pa bwalo?"

Deliwe, pofuna kuziziritsa zinthu, anathira mafuta. "Komatu malo ndi abwino, amayi. Ndipo akagula munda wa mpunga woyandikana nawo uja chaka chino, padzakhala pabwino zedi."

"Munda uti?"

Medson anamuyang'ana Deliwe ngati amumeze. Kenako anavomera. Woyandikana nawo ankagulitsa munda, ndipo ndalama zomwe anasunga chaka chimenecho zinali zoti zipite kumeneko mwezi wamawa. M'dzina la Noi, monga kale.

Apa a Nachisale anasiyana naye mwana wawo. Pamsika sukangana ndi wonyamula katundu, umayankhula ndi mwini thumba. Anatembenuza mpando nkuyang'ana Noi.

"Apongozi, ine ndilibe nanu mlandu. Mwawamangira amayi anu, mwachita bwino, ndi mmene mwana wamkazi amachitira. Koma mwamuna mukumuonayu sanagwe kumwamba. Fizi yake inatuluka m'nyemba zanga. Ndagona pamsika, ndanyowa pa malole. Amayi anu alowa m'nyumba, ine njerwa zanga zikudyedwa ndi mvula. Munda udikire. Ndalama za chaka chino zibwere ku Mitundu. Iwe, muuze."

Medson ananena mawu pang'ono m'Chingerezi. Noi anamwetulira nkugwedeza mutu.

"Ine ndayenda mtunda wonsewu, iwe wangoti pwepwe kawiri, watha? Wamuuza kuti ndayamikira nyumba, eti? A Deliwe, tanthauzirani ndinu. Musachotse mchere."

Deliwe sanachotse. Ananena zonse, mwina nkuwonjezera. Nkhope ya Noi inasintha. Anamufunsa mwamuna wake kanthu mwachidule, iye nkuyang'ana pansi. Kenako anayankhula nthawi yaitali, mofatsa.

"Akuti sankadziwa za njerwa," anatero Deliwe. "Akuti achimwene anawauza kuti kumudzi zonse zili bwino. Akuti kwawo mwana wosiya mayi ake pamvula ndi chinthu chochititsa manyazi. Munda ungadikire."

Nkhope ya a Nachisale sinasunthe. Wogula akavomera msanga, ndiye kuti mtengo unayambira pansi.

"Auzeni kuti ndikufuna matailosi ofiira. Ngati a asewele."

Noi anaseka, nkuyankha.

"Akuti matailosi ndi olemera, afuna mitengo yambiri. Malata."

"Malata achikuda. Osati oyera ngati a khola la nkhuku."

"Akuti achikuda, chabwino."

"Ndi mpope m'nyumba."

"Akufunsa ngati kumudziko kuli mapaipi a madzi."

"Kulibe. Koma mpope ukhalepo. Madzi adzaupeza."

Noi anaseka mpaka mwana anadzidzimuka, ndipo a Nachisale nawo anatsala pang'ono kumwetulira. Anakokana pa khonde, anakokana pa zipinda, wina kukwera wina kutsika, aliyense akumva kukoma kopeza mnzake wodziwa ntchito. Medson anangokhala pakati ngati thumba lomwe akulitsatsa. M'maganizo mwawo a Nachisale anali atayamba kale kuona azimayi a pachitsime akulowa mogwada, akuyang'ana kudenga.

Ndiye Noi anafunsa funso lina, mopepuka, akukonza thewera la mwana.

"Akuti, poti za mayina zavuta kale, nyumba ya ku Mitunduyo idzalembedwa m'dzina la ndani?"

"Kumudzi sitilemba. Malo ndi anga, anali a amayi anga."

"Akuti nanga inu mukadzapita?"

"Ndi ya Isabel, mlongo wake wa uyu, ndi ana ake. Winanso ndani?"

Deliwe anazengereza, koma anatanthauzira. Noi anakweza mwana pang'ono, nkufunsa ndi mawu amodzi omwe sanafune womasulira. "Melissa?"

A Nachisale anadabwa kuti munthu wanzeru chotere angafunse za zii. Anayankha mmene akanayankhira aliyense kumudzi, mosaganiza kawiri, poti ndi zomwe mwana aliyense amadziwa.

"Melissa kwawo ndi kwanu. Mwana ndi wa kuchikazi. Kwathu adzabwera kudzacheza, tidzamuphera nkhuku, koma malo ake ali kwa amayi ake. Mbumba yanga ndi ana a Isabel."

Deliwe sanatanthauzire msanga. Sanafunikirenso, chifukwa amene anamva anali Medson. Anavala magalasi ake, nkuwayang'ana amayi ake kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo.

"Ndiye kwa Noi ndine mlendo, kwanunso mwana wanga ndi mlendo."

"Usandiphunzitse mwambo. Iwe kwathu ndiwe mwinimbumba. Ana a Isabel akuyang'ana iwe."

"Akuyang'ana ine, inde. Fizi ndikulipira ndine." Anapuma. "Chabwino, amayi. Tichite chonchi. Ndigula poloti ku Lilongwe, ku Likuni kapena ku Kawale, m'dzina langa. Ndimanga momwe mwagwirizanamu, malata achikuda, khonde, ndi mpope wotuluka madzi enieni. Mukhalamo moyo wanu wonse. Ikadzatha ntchito yake, ndi ya Melissa."

Kunena zoona, malonda anali abwino. Munthu wina akanawomba m'manja. Koma a Nachisale anaonanso mayi uja ali pakhomo ndi makiyi, pa dothi la kwawo, anansi ake akumuonerera. Ku Kawale adzawaona ndani? Azimayi a pachitsime adzati anapita kukasungidwa m'tauni.

"Asewele anga akukhala pa malo a ndani?"

"A mwana wawo."

"Kumudzi kwawo. Pakati pa anthu awo. Ine ndikakhale mlonda wa nyumba yako m'tauni, kudikira kufa kuti mwini alowe? Iwowo ali ndi chiyani chomwe ine ndilibe? Anabereka, nanenso ndinabereka. Wawo ndi wamkazi, wanga ndiye wagwira ntchito. Ndikufuna ya pa malo anga."

"Amayi, ganizani bwino."

"Ndaganiza kuyambira uli m'mimba. Chipinda chimodzi ndichotsa. Khonde likhale la kutsogolo kokha. Koma pa malo anga."

"Nkhani si zipinda."

"Mpope usiye."

Deliwe anayang'ana kudenga. Noi ankayang'ana uku ndi uku, osamva mawu koma akumva kuti malonda aja akuthawa. A Nachisale anali asanatsitsepo mtengo kawiri motsatizana chibadwire, ndipo anadzimva okha kuti mawu awo ayamba kupempha. Zinawakwiyitsa kwambiri.

"Ndasayina kamodzi kuti changa si changa," anatero Medson, mawu ali pansi. "Mwandiseka, ndipo mwina mwalondola. Koma kujaku zikadzavuta, ine ndidzatuluka, Melissa adzatsala m'nyumba. Kwanu ndikamanga, adzagona pakhonde la Isabel. Kachiwiri sindichita."

"Unalonjeza ndi pakamwa pako."

"Ndinalonjeza. Ya m'tauni ilipo, mukaifuna. Ya pa malo anu sindimanga."

A Nachisale anatembenukira kwa Deliwe, ngati kuti mawuwo abwera m'chinenero cha eni.

"Wati chiyani ameneyu?"

Deliwe anakumbatira chikwama chake pachifuwa.

"Akuti samanga, amayi."