Tiima Pobwerera

Tsiku lokacheza kuchilumba cha Savai'i, a Uelese anatuluka m'chipinda atavala malaya oyera, tayi, ndi nsalu yawo yopita nayo kutchalitchi. Adzukulu awo, Fetu ndi Tasi, anafa nalo phwete. Tasi anawafunsa ngati akukasambira ndi tayi. Mkuluyo anangomwetulira, n'kupempha mwana wawo Falaniko kiyi wa galimoto kuti akaike kanthu kubuti.

Falaniko sanafunse n'komwe kuti ndi chiyani. Mutu wake unali pa nthawi. Galimoto anabwereka ku Apia, pantoni ya m'mawa yowolokera kuchilumbako sidikira munthu, ndipo ndege yobwerera ku Auckland inali ya mawa lake kukacha. Tchuthi chonse chinathera m'maukwati ndi m'maliro a kuchikazi, ana atapinda miyendo pamkeka mpaka kuchita dzanzi, kumvera akuluakulu akulankhula zosatha. Tsiku limodzi lokhali ndi limene iye ndi mkazi wake Leitu anawalonjeza anawo kuti n'lawo, loti asambire ndi kujambula zithunzi.

Koma ku Savai'i n'kwawo kwa a Uelese, ndipo mlongo wawo mmodzi yekha wotsala, a Talaleu, anali komweko. Chisamukireni ku Auckland, Falaniko akali wakhanda, awiriwo anaonana kamodzi kokha, pamaliro a mayi awo. Tsopano mtima wa a Uelese unkayendera mapiritsi, ndipo dokotala anavomera ulendowu monyinyirika. Akuluakulu onse m'galimotomo ankadziwa kuti mkuluyu sadzakweranso ndege kubwera kuno, kungoti panalibe wonena.

Atatsika pantoni analowera msewu wa kummwera. Anayamba kuima pa mathithi. Ana anadumphira m'madzi ozizira akukuwa, Leitu akujambula, a Uelese atakhala pamwala, nsapato zili kuphazi, akuyang'ana wotchi mobisa.

Atayendako pang'ono, analowa m'mudzi wina wa tchalitchi choyera chachitali. Basi yamatabwa inali patsogolo pawo, nkhumba zikuwoloka mwakufuna kwawo, moti galimoto inkangokwawa. A Uelese anawongola tayi.

"Kwa azakhali ako ndi apa," anatero motsitsa mawu. "Nyumba ya mizati yobiriwirayo."

Falaniko anaiona. Inali nyumba yopanda zipupa ngati zinzake, manda awiri opaka laimu pabwalo, ndipo kuseri kwake kunkafuka utsi wambiri. Pakati pa mizatiyo panakhala mayi wa imvi, atayang'ana kumsewu.

Phazi la Falaniko linafika pa buleki ndithu. Koma iye ankawadziwa machezedwe a kuno. Munthu sangopereka moni n'kumapita. Akuyalirani mkeka, pemphero, mawu olandira alendo, mawu oyankha, chakudya, kenako mudzi wonse kubwera kudzaona ana a ku Auckland. Pofika potsanzikana ndiye kuti dzuwa lapendeka. Anasuzumira pagalasi n'kuona Fetu atakwinya kale nkhope. Leitu anangoyang'ana panja, osafuna kuti mlandu ukhale wake.

"Tiima pobwerera, bambo. Ana aone kaye malo awiri atatu, kenako tidzakhale mtima uli m'malo."

A Uelese anati chabwino. Anakweza dzanja pang'ono pawindo, ngati munthu wopirikitsa ntchentche, n'kulibwezera pabondo.

Kunena zoona, Falaniko sankanama. Ankafunadi kutembenuka akachoka pamiyala pamene nyanja imaphulikira m'mabowo. Koma kumeneko kunakoma, abale! Bambo wina ankaponya makoko a kokonati m'dzenje, mafunde n'kuwalavulira kumwamba kuposa mitengo, ana akulumpha ndi chimwemwe. Ngakhale a Uelese anaseka, n'kunena kuti ali mwana iwo ndi a Talaleu anaponyamo chipewa cha abusa, ndipo anakwapulidwa onse awiri chifukwa panalibe woulula mnzake.

Kuchoka pamenepo Tasi anapempha gombe la mchenga woyera limene analiona pafoni, lomwe ankati lili patsogolo pang'ono chabe. Pang'ono pakepo panatalika. Anadya nsomba ndi nthochi zophika m'madzi a kokonati, ana anasambiranso, Leitu anagona tulo m'kachisakasa. Falaniko atadzidzimuka kuti nthawi yatha, anafunsa mayi wogulitsa chakudyayo kuti kubwerera kudoko kungatenge nthawi yaitali bwanji. Mayiyo anamuseka. Anati kubwerera kwa chiyani, popeza afika kale kuseri kwa chilumba? Msewu ndi umodzi, umazungulira. Akafuna kuipeza pantoni yomaliza angopitirira kutsogolo, ndipo asachedwe.

Falaniko anawerengera uku ndi uku, koma sizinatheke. Kubwerera kunali kuphonya pantoni, ndipo kuphonya pantoni kunali kuphonya ndege, ntchito ndi sukulu. Anayang'ana bambo ake. Iwo anali atalowa kale m'galimoto, lamba atamanga.

M'njira yotsalayo anadutsa dera la miyala yakuda imene phiri linalavula kalekale, pomwe pali tchalitchi chokwiririka, koma palibe anapempha kuti aime. Ana anagona, tsitsi lili mchenga wokhawokha. Falaniko ankafuna bambo ake amukalipire, amunene kuti ndi mwana wopanda mwambo, kuti mwina mtima ungapepuke. Koma iwo anavula tayi, n'kuipinda bwinobwino, n'kuiika m'thumba.

Anafika padoko kuchokera mbali ina, pantoni ikulowetsa kale magalimoto. Ali pamzere, Fetu anatsegula kubuti kuti atenge malaya ouma, n'kufunsa kuti katoni iyi ndi ya ndani. Falaniko anapita kukaona. Munali zitini za nyama, nsalu yamaluwa yopinda bwino, mafuta opaka m'mawondo, ndi magalasi owerengera atsopano. Pamenepo m'pamene anakumbukira utsi uja. Kuno chakudya chootcha pamiyala yamoto ndi cha Lamulungu, ndipo tsikuli linali Lachinayi. Azakhali ake anali atapha nkhumba kukonzekera kuwalandira.

Manyazi anamugwira. Anapita pawindo la bambo ake.

"Bambo, munkadziwa kuti msewuwu subwerera?"

"Ndinabadwira kuno, mwana wanga."

"Nanga osanena bwanji?"

"Galimoto wabwereka ndiwe. Kwanu kuja ndimadya zako, ndimagona m'nyumba yako. Ndipo ana anasangalala, sunawaone?"

Falaniko anayamba kulonjeza za chaka chamawa, za Khirisimasi, za kuimba foni ya kanema akangofika. A Uelese sanamutsutse. Anatsika pang'onopang'ono, n'kunyamula katoni ija okha, kukana kuti awalandire. Pafupi pomwepo panaima basi yamatabwa yopita kummwera, nyimbo zili pamwamba. Anaipereka kwa dalaivala, n'kumufotokozera mudzi ndi nyumba ya mizati yobiriwira. Dalaivalayo anati akuwadziwa mayiwo, n'kuiika katoniyo pafupi ndi mpando wake.

"Ndikanene kuti yachokera kwa ndani, bambo?"

A Uelese anapukuta manja pansalu yawo ya kutchalitchi.

"Akudziwa," anatero. "Anationa tikudutsa."