Chingwe Chothamangira

Aphunzitsi anasiya kuona pang'onopang'ono, monga mmene kumadera tsiku la mitambo. Matenda a shuga ndiwo anawadya maso. Ntchito ya sukulu anaisiya, njinga anapatsa mng'ono wawo, koma kuthamanga sanasiye. M'mawa uliwonse mnzawo, dokotala wa ziweto, ankafika pageti akuimba likhweru. Awiriwo ankagwira kachingwe, wina uku wina uko, ulendo wa kunkhalango, kutsikira kumtsinje, n'kukakwera zitunda za kuseri kwa mafamu. Ankabwera thukuta lili kamukamu, akukanganabe za mpira.

Kenako dokotala uja anamusamutsira kutali. Aphunzitsi anakhala pampando wa pakhonde, wailesi ili pamiyendo, ndipo sanadzukeponso.

Akazi awo anali telala. Makina awo anali pawindo loyang'ana pakhondepo, moti phazi likamapalasa, maso ankakhala pamsana wa amuna awo, umene unkawerama tsiku ndi tsiku. Kuchipatala namwino anawatengera pambali n'kuwauza mosapita m'mbali kuti shuga wakwera kwambiri, ndipo mankhwala okha sangathe.

"Aziyenda mwamphamvu, mayi, azituluka thukuta. Mukawasiya, mpando umenewo ndiwo uwamalize."

Mayiwo sanali munthu wa mawu ambiri. Zawo ankazinena kwa Mulungu chamumtima, sizasi ili m'manja. Chithamangireni ali mtsikana wa sukulu anali asanathamangenso, kupatula mvula ikawapeza zovala zili pachingwe. Koma madzulo a tsikulo anasonkhanitsa tizidutswa ta nsalu totsala, anatipinda, anatisoka mizere iwiri kuti tilimbe, n'kupanga chingwe chokhala ndi polowetsa dzanja mbali zonse ziwiri.

Malo othamangirako anasankha bwalo la mpira la pasukulu. Linali losalala, lopanda mwala ngakhale muzu. Ankazungulira mpaka dzuwa litatuluka, mayiwo akupuma ngati mvukuto, Aphunzitsi ali phee. Pobwerera ankathokoza mwaulemu, ngati mlendo amene amupatsa madzi akumwa.

Patapita masiku angapo, akuvula nsapato pakhonde, Aphunzitsi anati, "Mayi, mwachita zazikulu. Koma tilekere pomwepa."

"Ndikuchedwa eti? Ndizolowera, bambo."

"Si inu ayi." Anapapasa mpando, n'kukhala. "Pabwalo paja palibe choti ndimve. Phazi ili ndi linzake zonse chimodzimodzi. Fungo palibe, madzi palibe, ngakhale mbalame yoti inditukwane. Ndimakhala ngati ndili pampando womwewu, kungoti ndikutopa."

Anatsegula wailesi. Mayiwo anabwerera kumakina, koma sanasoke. Bwalo lija analisankha chifukwa cha chikondi, ndipo chikondi chomwecho chinali pafupi kuwabwezera amuna awo pampando mpaka kalekale. Anatseka maso kanthawi, akupemphera chamumtima.

M'mawa mwake anawaikira nsapato pamiyendo.

"Ndinanena kale, mayi."

"Sitipita kubwalo. Tipita kunkhalango kwanu kuja."

"Inu? Njira mukuidziwa?"

"Mukuidziwa ndinu. Ine ndingotenga maso."

Aphunzitsi anasisita zingwe za nsapato ndi zala. Kenako anawerama n'kuyamba kumanga.

Anadutsa nyumba zomalizira, anapotoka pampope wa madzi monga Aphunzitsi analamulira, n'kulowa m'mitengo. Njira inali yopapatiza, yodzaza masamba onyowa ndi mame, ndipo kwa mayiwo chilichonse chinali mdani. Anakulunga chingwe padzanja mpaka chinafupika, n'kumakoka.

"Muzu! Mwala! Imani! Ayi, yendani! Dzenje!"

Aphunzitsi anapunthwa kawiri, kachitatu n'kugwira mtengo.

"Atelala," anatero akuseka, "mukupita nane kumsika kukandigulitsa? Mbuzi ndiyo amaikoka chonchi."

"Ndikuopa kuti mugwa."

"Mukundigwetsa ndinu. Mukakoka, ndimamva dzanja lanu lokha, nthaka osaimva. Chisiyeni chilende. Ndiponso tayang'anani miyendo. Ine ndikaponya wamanja, inu muziponya wamanzere, kuti manja ogwira chingwewa azipita limodzi. Tikamaponya mwendo umodzi, tizingolimbana."

Mayiwo anayang'ana chingwe chimene chinawadinda mizere padzanja, n'kuchita manyazi pang'ono. Zaka zonsezi akhala akuuza atsikana ophunzira kusoka kuti ulusi ukathina nsalu imachita makwinya. Anachimasula.

Poyamba zinkasokonekera. Kenako, osadziwa kuti zayamba pati, manja awo anayamba kupita limodzi, kutsogolo, kumbuyo, chingwe chikulendewera pakati. Aphunzitsi anawongoka. Mutu anautukula, mphuno zikukoka mpweya.

"Tafika pa mabulugamu," anatero. "Mwamva fungo? Kutsogoloku njira ipatuka, titenge ya kumanzere. Kumanja kuli chulu."

Chulu chinalipodi. Mayiwo anawayang'ana amuna awo chammbali, modabwa. Munthu amene kunyumba ankafunsa komwe kuli kapu, kuno ankadziwa pamene nthaka ifewe, pamene mphepo isinthe, pamene mitengo ithere. Nkhalango yonse anali nayo m'mapazi.

Pena nthambi zinali zodulidwa chatsopano, zonse pamsinkhu wa nkhope ya munthu wamtali. Patsogolo pang'ono anapeza mlonda wa nkhalango, chikwanje chili paphewa.

"Aphunzitsi! Ndimati mwatitaya!"

"Alonda, mukadali moyo? Nanga nthambi zija zinkandimenya mbama zapita kuti?"

"Ndimangozisadza ndikamadutsa, bwana. Ndinkati tsiku lina mudzabwera. Mwadzuka bwanji, mayi? Lero mwagwira ndinu chiwongolero?"

"Tikuyesa, bambo," anayankha mayiwo. Zambiri sakanatha kunena, mpweya unali utawathera. Koma mumtima anamuika mlondayo pamaso pa Mulungu, iye ndi chikwanje chake.

Njira inayamba kutsika. Phokoso la madzi linamveka mtsinje usanaoneke, ndipo mitengo itatseguka, mayiwo anangoti kakasi. Anakhala m'dera limeneli kuyambira ukwati wawo, koma mtsinje ankangouonera pamlatho ali m'basi, masana. Sanadziwe kuti m'mawa umafuka nkhungu yoyera ngati nsalu ya leisi, kuti dzuwa likaulasa madzi amasanduka agolide. Pamwala wa pakati panaima kakowa ndi mwendo umodzi, osagwedezeka.

Anaiwala kuyang'ana pansi. Muzu unali pomwepo, ndipo sananene.

Chingwe chinawapulumuka m'dzanja. Aphunzitsi anagwa chafufumimba pamchenga wa miyala.

"Mayo ine! Bambo!"

Anawadzutsa, anawakhazika pamwala. Bondo linali litasupuka, magazi akutsetsereka. Mayiwo anatunga madzi m'manja n'kutsuka bala, anang'amba mpango wawo n'kumanga. Ankadziwa kuti kwa munthu wa shuga bala si masewera. Ankadziwanso kuti zatha, mawa amuna awo adzakhala pampando, ndipo wolakwa ndi iwo.

"Pepani, bambo. Ndinachotsa maso panjira."

"Lakuya?"

"Ayi, khungu lokha. Komabe tikalionetse kwa namwino masana."

"Tikalionetsa." Aphunzitsi anapendeketsa mutu. "Koma tandiuzani. Kuchokera kunyumba mwakhala mukukuwa ngati kondakitala. Chakutsekani pakamwa n'chiyani?"

Mayiwo anazengereza. "Kakowa."

"Ali pati?"

"Pamwala, pakati pa madzi. Waima ndi mwendo umodzi. Nkhungu ikamufika m'khosi, akuoneka ngati alibe thupi. Kutsidyaku kuli mabango, dzuwa lawagwira nsonga zokha."

Aphunzitsi anatembenuzira nkhope kumadzi.

"Dokotala uja tadutsa naye pano kambirimbiri," anatero motsitsa mawu. "Muzu sanaphonyepo ngakhale umodzi. Koma za kakowa sanandiuzepo. Iye zake zinali zigoli basi."

"Iye sanakugwetseni."

"Anandigwetsapo m'ndowe za ng'ombe, kungoti tinagwirizana zoti musamve." Anatambasula dzanja. "Chingwe chili kuti?"

"Tibwerere kunyumba?"

"Kunyumba kukatani? Zitunda zikutidikira. Koma muzinena zonse, mayi. Za pansi ndi za m'mwamba."

"Pakamwa ndi pamodzi, bambo."

"Muziyamba ndi muzu."

Anatsata mtsinje mpaka pamene njira inausiya n'kuyamba kukwera. Kumeneko dziko linatambasuka, zitunda zogonerana mpaka kumene maso alekezera, zina zobiriwira, zina zofiirira polimidwa kumene. Njira inkakwera, kutsika pang'ono ngati ikupepesa, n'kukweranso. Mayiwo ankalankhula moduladula, mawu akutuluka pakati pa mpweya.

"Mwala kumanja... ng'ombe kumanzere, zakuda ndi zoyera... kangalande, tambasulani mwendo... mthunzi wa mtambo ukutsika chitunda chakutsogolo..."

"Ukuthamanga kapena ukuyenda?"

"Ukutiposa."

Pamwamba pa chitunda chachitali anaima. Mphepo inawaomba, malaya onyowa n'kuzizira pamsana. Mayiwo anagwira mawondo, mtima ukugunda m'makutu. Aphunzitsi anaima chilili, chifuwa chili patsogolo, nkhope yonse ikuwala ndi thukuta.

"Mawa tidzadzere njira ya kudamu," anatero. "Ndi yotalikirapo, koma kuli abakha am'tchire. Ndimangowamva, sindidziwa kuti ndi amtundu wanji."

"Yotalikirapo bwanji?"

"Pang'ono."

"Pang'ono panu ndikupadziwa, Aphunzitsi. Mudzandibereka pobwerera."

"Ndidzakuberekani, bola muzidzanena njira."

Mayiwo anaseka mpaka kutsokomola. Atapezanso mpweya anayang'ana kumwamba, n'kupempha kanthu kamodzi kokha, kuti mawondo awo akhale olimba. Kenako anawongoka.

"Tikutsika tsopano," anatero. "Pali timiyala toterera. Fupikitsani mapazi."